Zikhomo Zimene Ndinazula pa Ntaja

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene anthu oyeza malo anafika kwathu pa Ntaja. Nthawi imeneyo nyumba yathu inali kumapeto kwenikweni. Ukachoka pamsewu wa phula unkadutsa kuseri kwa msika, n'kudutsa chigayo, kenako nyumba zinkayamba kutalikirana mpaka kufika pathu. Kupitirira apo kunali minda ya chinangwa ndi nandolo ndi mitengo ya mango basi. Malo onsewo anali a mbumba ya amayi anga, ndipo wowayang'anira anali amalume, a Twaibu, achimwene awo a amayi. Ababa anali obwera. Kwawo kunali ku Kalembo, m'boma la Balaka, ndipo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pamsika.

Oyeza malowo anabwera atatu pa galimoto yoyera, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Anali ndi tepi yaitali, kachipangizo ka miyendo itatu kosuzumiramo, ndi mtolo wa zikhomo zopaka penti yofiira kumutu. Kwa masiku atatu anayenda m'minda yathu, kuponda chinangwa, kukhoma zikhomo, osauza munthu aliyense chimene ankachita. Tsiku lachiwiri amayi anawapatsa moni mwaulemu, n'kuwafunsa kuti ntchitoyo inali ya chiyani. Mmodzi anayankhula kanthu m'Chingerezi kwa mnzake, onse n'kuseka. Ndiye anatembenuka n'kuti, "Mudzamva, mayi."

Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa. Munthu walowa m'munda mwako, waponda chakudya cha ana ako, ndiye ukamufunsa akuti udzamva. Udzamva kwa yani? Akanakhala pansi pa mtengo wa mango kwa ola limodzi lokha, n'kutambasula pepala lawo la mapulani kuti anthu aone, mwina nkhani inoyi sindikanailemba.

Iwo atachoka, mphekesera ndi zimene zinatsala. Pamjigo amayi ena ankati malo agulidwa ndi kampani ya mafuta. Ena ankati manda asamutsidwa. Aliyense anali ndi mlamu wake amene anamva kwa munthu wodziwa.

Lachinayi masana, ndikuchokera ku madrasa, ndinapeza amalume atakhala pa njinga yawo pafupi ndi nyumba yathu. Anandikodola. Ine ndinali mtsikana wamakani, ndipo ana a dera lathu ankanditsatira pa chilichonse, kaya ndi fulaye kaya ndi kukaba mango. Amalume ankadziwa zimenezo.

"Mariamu," anatero motsitsa mawu, "dothi lino mwini wake ndiwe. Alongo akowa adzakwatira n'kupita. Iwe udzakalamba pompano. Ndiye ungoyang'ana anthu akukhoma mitengo pamalo pako?"

"Nanga ndichite chiyani, amalume?"

"Ife akuluakulu tikagwira zikhomozo atimanga. Koma mwana samangidwa."

Palibe munthu wamkulu amene anali atandiuzapo kuti ndine mwini wa chinthu chilichonse. Mtima unandikula. Madzulo omwewo dzuwa lisanalowe ndinasonkhanitsa anzanga asanu ndi awiri, tinayambira kuseri kwa chigayo n'kumatsika. Zikhomo zina zinkazuka mosavuta, zina tinkazigwedeza ndi mwendo mpaka zitalolera. Tinazimanga mitolo ngati nkhuni n'kusenza. Titadutsa pamjigo azimayi anatiimbira nthungululu, ndipo mayi wina wogulitsa zitumbuwa anatenga mitolo iwiri kuti akasonkhere moto. Ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati msilikali wochokera kunkhondo, zikhatho zili psuu ndi penti.

Ababa anaona manja angawo pamene ndinkawathirira madzi osamba m'manja. Anandifunsa, ndipo ndinawauza zonse monyadira. Sanandimenye. Ababa sankamenya mwana. Anangoti, "Loweruka usapite kulikonse."

Loweruka m'mawa sanapite kukasoka. Ananditenga ndi chikwanje, tinapita kuminda kukafunafuna maenje amene zikhomo zinasiya. Titapeza awiri oyang'anizana, anandiuza kuti ndiwerenge mapazi awo pamene ankayenda kuchoka pa dzenje lina kufika pa linzake. Tinapita patsogolo, tinapeza ena awiri, ndinawerenganso. Mpata wake unali womwewo. Tinatero mpaka kufika kudambo.

"Waona?" anatero. "Mizere iwiri, yowongoka, kuchokera kuphula. Munthu wolanda munda sayeza chonchi. Uwu ndi msewu, mwana wanga. Kamzere kakumbalika ndi ngalande ya madzi a mvula."

Ndinaseka. "Msewu wa chiyani m'chinangwa muno, ababa? Galimoto idzabwera kudzatenga ndani?"

"Ine ndikamasoka yunifomu ya mwana ndimapinda nsalu yambiri kumunsi," anayankha. "Mayi wake amadandaula kuti ndawononga nsalu. Chaka chamawa mwana akatalika amabwera yekha kudzati ndimasule. Ntaja ndi mwana amene akukula."

Chilango changa chinali kubwezera zimene ndinazula. Ababa ankadula nthambi za mitengo ya malaina n'kuzisongola, ine ndinkakhoma ndi mwala m'dzenje lililonse limene tinalipeza. Dothi linali louma ngati njerwa. Pofika masana zala zanga zinali zitatupa, ndipo anzanga aja, amene dzana lomwelo ankanditsatira, anali atakwera mumtengo wa mango n'kumandiseka.

Tili pakati pa ntchitoyo amalume anatulukira ndi amuna ena awiri. Sanapereke moni.

"Alamu, mukutani m'munda mwa eni?"

"Ndikubwezera malire a msewu, achimwene. Mwanayu analakwitsa."

"Msewu? Anakuuzani ndani? Kodi pobwera kuno kuchokera ku Kalembo munasenza dothi m'thumba? Inu munabwera kudzakwatira. Za malo zisiyeni kwa eni ake."

Amuna awiri aja anaseka. Amalume anawerama n'kuyamba kuzula timitengo tathu timodzitimodzi, n'kumatiponya pamapazi pa ababa. Amayi anali ataima chapatali ndi ndowa pamutu. Anayang'ana pansi. Kodi akanatsutsa bwanji achimwene awo pamaso pa anthu? Ababa anatola chikwanje chawo, anandigwira dzanja, tinabwerera kunyumba. Ine, mwa kupusa kwanga, ndinkasangalala kuti chilango chatha msanga.

Oyeza malo aja sanabwerenso. Kaya mapepala awo anakagona m'kabati iti, sindikudziwa. Sanabwere ngakhale kudzaona ngati zikhomo zawo zinalipo.

Mvula ya chaka chotsatira isanagwe, amalume anayamba kugulitsa mapuloti. Ndipo kodi anayambira pati? Pakati penipeni pa mizere iwiri ija. Malo amenewo anali osalala, oyandikira phula, ndipo ogula ankawakonda. Apo ndi pamene maso anga anatseguka. Amalume ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti zikhomo zija zinali za msewu. Ankadziwanso kuti malo a msewu sagulitsika. Anafuna manja a mwana kuti awachotsere chopinga, ndipo manjawo anali anga.

Anthu anabwera ndithu. Anabwera amalonda ochokera ku Nayuchi, aphunzitsi opuma pantchito, anyamata a kabaza amene anali atapeza kangachepe. Aliyense ankamanga mpaka pamalire penipeni, n'kuzungulira ndi mpanda wa njerwa, poopa kuti mnzake amudyera phazi limodzi. Wina ankakumba chimbudzi pamene mnzake wakumba chitsime kuseri kwa khoma lomwelo. M'zaka zitatu zokha chinangwa chonse chinatha, ndipo nyumba yathu, imene inali kumapeto, inapezeka ili pakati. Njira yopita kuphula inasanduka kampata kokhotakhota pakati pa makoma, koti anthu awiri a njinga akakumana, mmodzi ankabwerera chambuyo. Mvula ikagwa madzi ankasowa kolowera, ndiye ankayenda m'kampata komweko pamodzi ndi ife, atanyamula zonse za m'zimbudzi zosefukira.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu amayi anali oyembekezera. Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale, m'mawa mvula ikugwa, matenda anayamba nthawi isanakwane, ndipo anayamba ndi magazi. Ababa anathamangira kuphula n'kupeza dalaivala wa kagalimoto ka matola amene anavomera kuthandiza. Galimotoyo inafika kuseri kwa chigayo n'kuima. Panalibenso polowera.

Ababa atabwerera anazula chitseko cha nyumba yathu, anagonekapo amayi, amuna anayi n'kunyamula. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi beseni la nsalu pamutu. Madzi anali m'mawondo, akuda, onunkha. Tinayenda bwino mpaka pa ngodya ina pamene mipanda iwiri inkakumana. Chitseko chinakana kukhota. Anayesa kubwerera, anayesa kuchipendeketsa, amayi anayamba kutsetsereka n'kukuwa. Anayesa kuchikweza pamwamba pa mpanda, koma mwini wake anali atamata mabotolo osweka pamwamba pake. Amuna akuluakulu anaima pamvula akukangana, wina akuti uku, wina akuti uko. Potsiriza ababa anawatsitsa amayi pachitseko n'kuwabereka kumsana ngati mwana. Ababa anali munthu wochepa thupi. Anagwa kawiri ndi mawondo, koma amayi sanawagwetse. Ndikukumbukira chitenje cha amayi chikukokeka m'madzi, ndi mzere wofiira umene madziwo ankautenga.

Amayi anachira, patapita milungu. Mwana anali wamwamuna, ndipo sanalire. Ine sindine dokotala, sindinganene motsimikiza kuti galimoto ikanafika pakhomo akanakhala moyo. Koma ndikudziwa kuti mtunda umene galimoto ikanauyenda m'kanthawi kochepa, ife tinathera pamenepo nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba zouma mpaka kufewa.

Mwanayo ataikidwa m'manda, amalume anabwera kudzapepesa. Anakhala pamkeka pakati pa amuna, akupukusa mutu, n'kumati zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Ine ndinali pakhomo la khitchini. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaimirira n'kukuwa kuti, "Msewu munagulitsa ndinu, osati Mulungu!" Azimayi anandigwira pakamwa n'kundikokera kuseri, akunditcha mwana wopanda mwambo. Amalume sanandiyankhulenso kwa zaka ziwiri.

Ababa anandipeza kuseriko ndikulira. Ndinawauza chimene ndinali nditachisunga mumtima kuyambira tsiku la chitseko, kuti ndine ndinapha mlongo wanga, popeza ndine ndinazula zikhomo. Anakhala pansi pambali panga.

"Iyayi," anatero. "Unali mwana. Mwana amazula chimene wamkulu waloza. Koma tsopano wakula. Munthu akadzakulozera chinthu, uzidzayamba wamufunsa kuti iye apindulapo chiyani."

Lero ndine mphunzitsi ku Balaka, ndipo ndili ndi ana anga. Ababa anatisiya, amalume nawonso anatisiya. Amalumewo zaka zawo zomaliza anakhala m'nyumba yabwino m'mbali mwa phula, momwe galimoto inkafika mpaka pakhonde. Mwezi wathawu ndinapita kukaona amayi, ndipo ndinapeza makoma ambiri a m'kampata kaja atalembedwa chizindikiro cha penti. Akuti tsopano akufuna kutsegula msewu, ndiye nyumba zimene zili m'njira zigwetsedwa. Imodzi ndi ya abiti Saidi, mayi wamasiye amene anagula malo ake poyera, mboni zilipo, n'kuumba yekha njerwa ndi ana ake. Anandigwira mkono pampanda pake.

"Aphunzitsi, inu mumadziwa zamapepala. Akuti ndinamanga pamsewu. Msewu wake uti? Ine pogula panali chinangwa."

Ananena zoona, ndipo ofuna msewuwo akunenanso zoona. Zimenezi n'zimene zimandipsetsa mtima kwambiri. Amene anayeza osafotokoza anapuma pantchito mwamtendere. Amene anagulitsa akudziwa ali m'manda, mbiri yawo ili bwinobwino. Woti agone panja ndi mayi amene sanalakwire munthu.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti tauni imakula, kaya anthu aikonzekera kaya ayi, ndipo malo a msewu, a ngalande, a sukulu ndi a manda amasungidwa pamene akuoneka ngati thengo lopanda ntchito. Nthawi imeneyo kuwasunga n'kosavuta, kumangofuna kuti anthu auzidwe, afunse mafunso, akangane, amve kuti chinthucho ndi chawo. Ikadutsa nthawi imeneyo, msewu umadutsa pa chipinda chogona cha munthu. Ndimaonanso kuno ku Balaka, kumalo atsopano kumene anthu akugula, makoma akuyandikirana chaka ndi chaka, ndipo aliyense akuti boma lidzaona. Pamisonkhano ya dera lathu amandidziwa kuti ndine mayi wovuta, chifukwa sindikhala pansi mpaka pepala la mapulani litatambasulidwa pamaso pa aliyense, ndi kufotokozedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao. Ena amang'ung'udza kuti ndikuchedwetsa msonkhano. Achedwe. Ine ndinaonapo kuchedwa kwenikweni.