Womata Mabowo

Ku Anápolis, galimoto ikaponda msomali aliyense amadziwa kuti ipite kwa Nivaldo. Bamboyu wakalambira pa ntchito yomata matayala, ndipo zala zake siziyera ngakhale atazikwecha ndi sopo wanji. Mkazi wake Zuleide amati anakwatiwa ndi munthu amene akaona bowo, mtima sukhala m'malo mpaka alitseke.

Zamfuti anaziyamba akuba atamuthyolera shopu. Anatenga chilolezo n'kulowa kalabu ya kunja kwa tauni, kumene Lamulungu lililonse anthu amapikisana kuwombera makatoni odulidwa ngati chifuwa cha munthu. Woyang'anira amakufunsa ngati wakonzeka, kabelu kamalira, iwe n'kusolola mfuti: zipolopolo ziwiri pa katoni iliyonse. Ukamaliza, anzako amakamata mabowowo ndi timapepala taguluu kuti wina awombere. Apa ndiye Nivaldo analibe mnzake. Timapepalato sitinkasowa m'thumba la malaya ake.

"Iwe Nivaldo, unabwerera kuwombera kapena kumata?" ankamugemula Joventino, woyang'anirayo. "Iweyo udzamata ndi bokosi lako lomwe!"

"Ndiyamba ndi pakamwa pakopo, amwene. Pakutuluka mpweya."

Komabe kuwomberako anakuphunzira ndithu. Joventino ankakonda kunena kuti tsiku loipa likafika mutu umathawa, limatsala ndi dzanja lokha, choncho dzanjalo lizolowere. Ananena zoona, ndipo chimene chimapweteka n'chomwecho.

Tsikulo linafika dzuwa lili paliwombo. Zuleide anali atangofika ku shopu ndi mpunga wa nyemba pamene munthu wina anatsika pa njinga yamoto n'kuloza mayiyo mfuti kumutu. Nivaldo sakumbukira kuti anaganiza kanthu. Anangomva mfuti yake ikulira kawiri, pha! pha! ndipo munthu uja anali gada pakati pa matayala. Pamalaya pake panali mabowo awiri oyandikana, pakati penipeni pa chifuwa.

Zimene amakumbukira bwino ndi zotsatira zake. Miyendo inamutengera pomwepo monga imachitira Lamulungu lililonse. Anagwada, dzanja linalowa m'thumba, ndipo kapepala kanali kale pachala. Zuleide ndiye anamugwira mkono. Pa limodzi la mabowowo pankatuluka timathovu.

Khoti linati anadziteteza, mlandu palibe. Kukalabu anaotcha nyama, Joventino n'kumafotokozera aliyense kuti zipolopolo ziwiri zonse zinalowa pakati. Zuleide ali moyo, ndipo Nivaldo amathokoza Mulungu tsiku ndi tsiku, osati mwachiphamaso. Koma akaviika tayala m'madzi kuti apeze pomwe laphulika, timathovu tikayamba kukwera, amaona malaya aja. Amaima chilili mpaka mwini galimoto akhosomole. Mfuti anaitsekera m'kabati, osaikhudzanso.

"Bwera Lamulungu, m'bale wanga," anatero Joventino atamupeza ku shopu. "Ukaisiya, dzanja liiwala. Uja anali ndi abale, ukudziwa."

Zuleide nayenso anali ndi mantha omwewo. Njinga yamoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu, ankathawira kuseri kwa matayala.

"Pitani, bambo," anamuchonderera. "Akabwera, atiteteze ndani?"

Anapitadi, chifukwa cha mkazi wakeyo. Anzake anamulandira ndi m'manja. Anaima pamzere, mfuti m'chiuno, makatoni atsopano ali patsogolo pake, opanda ndi kabowo komwe.

"Wakonzeka?" anafunsa Joventino.

Anagwedeza mutu. Kabelu kanalira.

Dzanja silinasunthe. Dzanja lomwe lija, limene linapulumutsa Zuleide mutu usanaganize, linangolendewera pambali ngati la eni. Patapita kanthawi Nivaldo anatembenuza mutu n'kunena motsitsa kuti, "Ndichotsa zipolopolo." Anazichotsa, anaonetsa kuti mfuti ilibe kanthu monga lamulo likunenera, n'kuipereka kwa Joventino.

Kenako anayenda kupita pa katoni yoyamba. Anatulutsa kapepala, anakamata pakati pa chifuwa. Anatulutsa kena, anakamata pambali pake.

"Nivaldo," anaitana Joventino, ndipo m'mawu mwake munalibenso nthabwala. "Palibe bowo pamenepo, m'bale wanga."

"Alipo," anayankha Nivaldo osacheuka. "Awiri."

Anapitiriza kukanikiza ndi chala chachikulu, mwamphamvu, monga amachitira pa tayala kuti chigamba chigwire.