Muvi Wodziwa Kukhota

Mumsewu wonsewo ankamudziwa ndi dzina loti Zalakhumi, chifukwa akakhala pa kompyuta zala zake zinkalira ngati mvula pa malata. Ntchito yake inali yotayipa makalata ndi kupanga fotokope m'kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Makasitomala akadukiza, mayiyu ankadziphunzitsa yekha kupanga timasewera ta pa foni. Koyamba kanali ka mlenje wolasa akhwangwala.

Chaka china bambo ake, amene anayendetsa lole zaka makumi atatu, anadwala matenda ofa ziwalo. Anadzuka ndithu, koma dzanja lamanja linatsala likunjenjemera. Adokotala atanena kuti zalazo zizigwira kanthu tsiku ndi tsiku, Zalakhumi anawapatsa kasewero kaja. Mkuluyo anaponya mivi khumi, yonse kuphonya.

"Chotsa ichi," anatero, akukankha foniyo. "Ine wandevu kulephera khwangwala?"

Mawuwo anamulasa mtima. Anaganiza zoti muvi uzilondola wokha mbalameyo, bola munthu waponyera cha komweko. Analemba malamulo oti muvi uziona pamene pali khwangwala n'kumatembenukira komweko. Koma ati ayese, muviwo unangofika pafupi n'kuyamba kuzungulira mbalameyo osaikhudza. Masiku atatu anasintha manambala, osaphula kanthu.

Loweruka m'mawa bambo ake anabwera kudzakhala pa benchi la m'shopumo. Anayang'ana muviwo ukuzungulira, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwanawe, dalaivala wakoyu laisensi anachita kugula. Ndani amalowa pakona ndi moto wonse?"

"Ndiye nditani, ababa?"

"Ukayandikira pokhota, chotsa phazi. Liwiro likatsika, m'pamene chiwongolero chimamvera."

Zalakhumi anawonjezera mizere inayi yokha pa malamulo aja: muvi ukayandikira, uchepetse liwiro, ukhote kwambiri. Anadina. Muvi unauluka, unapinda bwinobwino, khwangwala uja pansi phi! Anakuwa mpaka telala anasuzumira, tepi ili m'khosi.

Koma mkuluyo sanakhutire. "Walasa, inde, koma mwakachetechete ngati wakuba. Munthu azimva kuti wamenya."

Sabata yotsatirayo Zalakhumi anakakongoletsa kaseweroko. Anaika kautsi kotsata muvi, kamene kankazimirira pang'onopang'ono, ndi nthenga zomwazika mbalame ikalasidwa, komanso chithunzi chonse kugwedezeka pang'ono. Utsi woyamba unali wakuda bii, ndipo bambo ake anati injini yoteroyo ndi yopita ku galaja. Anauyeretsa.

Wometa tsitsi, munthu wamatama, anati nkhalamba singamupose. Anasiya kasitomala mutu uli theka, nakhala pa benchi. Analasa akhwangwala khumi ndi awiri, nthawi n'kumuthera. Bambo ake a Zalakhumi anatsamiritsa foni pa bondo, nayamba kudina ndi chala chonjenjemera chija. Anthu ankawerenga mokweza. Atafika makumi awiri, telala anaimba nthungululu.

"Aaa, muviwu ukuwakondera!" anadandaula wometayo.

"Muvi ndi womwewo, achimwene," anayankha mkuluyo. "Inu mumangothamanga."

Kasitomala wa mutu watheka uja anatulutsa foni yake, nati amuikiremo kaseweroko asanamalize kumetedwa. Pofika masana, Zalakhumi anali atakaika m'mafoni asanu ndi awiri, bambo ake ali pakhomo kuphunzitsa aliyense kaponyedwe.