Mthenga Wabodza wa Achimwene

Achimwene ndi amene anandiphunzitsa kulemba mapulogalamu a pakompyuta, koma ankaphunzitsa motukwana. "Mutu wakowu ndi dzungu," ankatero. "Pulogalamu yabwino siima n'kumadikira yankho ngati mbuzi ya pachingwe. Imatuma mthenga, iyo n'kumagwira zina. Mthengayonso usamumatirire m'kati. Uziipatsa wochokera kunja, kuti ukafuna umuchotse n'kuikapo wina."

Pulogalamu ina analembera mng'ono wathu, mzime, yemwe ankapha nsomba pa Chilwa n'kumagona m'zimbowera, timisasa toyandama tija. Kumeneko netiweki ndi yamwayi. Pulogalamu inkamufunsa za moyo, yankho n'kudzagwera pafoni ya amayi kwa Mwambo tsiku limene lafuna lokha. Likachedwa, amayi ankaimbira achimwene kosalekeza.

Kenaka mayankho anayamba kufika Lamulungu lililonse osaphonya: "Ndili bwino, amayi." Amayi mpaka ankaonetsa anzawo kutchalitchi. Ine ndinadabwa. Mwana uja, woti ngakhale kumaliro amafika anthu akubalalika, lero wasunga nthawi? Nditatsegula pulogalamu ndinapeza kuti achimwene anaikamo mthenga wabodza, uja timayesera ntchito. Sapita kunyanja. Amangoyankha zomwe wauzidwa.

Ndinakwera minibasi ya ku Kachulu, kudoko la Chilwa. Nditafunsa za mng'ono wathu, mayi wina woyanika matemba anandiyang'ana modabwa. Akuti bwato la mwanayo analipeza lopanda munthu mvula isanayambe, ndipo anawauza achimwene tsiku lomwelo. Apa n'kuti anthu akukolola mpunga.

Nditabwerako, achimwene ndinawapeza akudya chinangwa. Ndinakalipa mpaka mawu anasasa. "Achimwene, ndinu munthu inu? Ngakhale mfiti imalira maliro!"

"Wakupweteka ndani?" anatero, uku akutafuna. "Amayi akugona tulo, foni yanganso yapuma. Ukufuna zoona? Chabwino." Anapukuta chala pamalaya, nadina kamodzi, mthenga weniweni n'kubwerera pamalo pake. "Kukawauza ukawauze wekha, poti mtima uli ndi iwe."

Ndinadana nawo tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindinaleke. Pulogalamu ija sanaiikire malire a kudikira, moti funso linapita kunyanja n'kukakhala komweko.

Lamulungu ndinafika kumudzi nditakonzeka kunena. Ndinapeza amayi pakhonde, akadali m'zovala za kutchalitchi, thumba la mpunga watsopano atamuikira mzime wawo pambali.

"Wabwera bwino," anatero. "Tandionera foniyi, mwanangu. Mng'ono wako sanayankhe lero, mwina yatha moto."

Ndinailandira ndi manja awiri. Moto unali wodzaza.