Sopo Wolawa ndi Lilime

Amayi amene tayandikana nawo nyumba kuno ku Chawama sankagulitsa sopo asanamulawe. Ankasungunula mafuta a ng'ombe mumgolo, n'kuthiramo soda, n'kutakasa. Sopo akauma ankagunditsako lilime. Akaluma, ndiye kuti soda wachuluka, angawaule khungu.

Chaka chimene sopo anasowa m'masitolo, azimayi anadzaza pakhomo pawo. Amayiwo analawa, nkhope n'kukwinyika.

"Tigulitseni chabe, ba neba, ni wochapila matebela a mwana," anatero ba Ennie, khanda lili kumsana.

"Matebela amavala ndimwe?" anafunsa amayi a sopo aja.

Anabwezera sopo yense mumgolo kuti awonjezere mafuta. Kubutchala sanakawapeze: anthu anali atayamba kuwagula kuti azikazingira ndiwo. Mgolo uja sindinauonenso pamoto.