Nandolo Wowola M'buti ya Galimoto

Galimoto yanga yoyamba ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito, kwa mnzanga wa ku esiteti ya tiyi. Injini inali yabwino, ndipo chilimwe chonse ndinayenda nayo popanda dandaulo. Mavuto anayamba mvula itakhazikika. Kwathu kuno m'munsi mwa phiri mvula ikayamba sidziwa kuleka, ndipo galimotoyo inkagona panja, pansi pa mtengo wa mapeyala.

Poyamba kanali kafungo chabe, ngati ka sokosi zonyowa. Ndinachapa mipando, ndinapopera mafuta onunkhira, koma fungo linkangokulirakulira. Loweruka lina ndinanyamula apongozi anga aakazi kupita nawo kumsika wa ku Chonde. Tili m'njira ndinaona atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo, mundikhululukire," anatero apongozi, "kodi muno simunafere chinthu?"

"Ayi amayi, ndi chinyezi chabe."

"Chinyezi sichinunkha chonchi. Taimani nditsike."

Anatsikadi, nalavula m'mbali mwa msewu, n'kuimitsa kabaza. Ndinawachonderera kuti titsegule magalasi onse, koma anangogwedeza mutu. Ndinabwerera kunyumba ndekha, manyazi atandigwira.

Mayi a kunyumba atamva, sanaseke. Anazungulira galimoto akununkhiza, n'kuima kumbuyo. "Abambo, tsegulani kuno."

M'buti munalibe katundu, koma kapeti inali yonyowa. Nditaidinikiza ndi chala, madzi akuda anatumphuka. Ndinaikoka, n'kutukula thabwa lovundikira tayala la sipeya. Fungo limene linatuluka m'menemo linandimenya kumaso, mpaka misozi inalengeza.

Tayala linali litamira m'madzi obiriwira, a thovu pamwamba. M'madzimo munadzaza nandolo. Ndinakumbuka kuti nthawi yokolola thumba lina linaphulika tikuchokera kumunda. Ndinasesa wapamwamba, osadziwa kuti wambiri walowa pansi. Wina anali atamera timizu toyera, wina atasanduka phala. Pakati pa tayala panayandama khoswe wotupa, ubweya utasosoka, mphutsi zikutuluka m'kamwa mwake. Ndinathamangira kumpanda n'kusanza tiyi yense wam'mawa.

Panalibe womutuma. Ndinavala majumbo m'manja, n'kumanga mpango pamphuno. Khoswe ndinamunyamula ndi fosholo, koma anaduka pakati, theka n'kugweranso m'madzimo. Nandolo ndinkamukapa ndi botolo lodula. Jeke ndi sipanala zinali zitachita dzimbiri, zikuterera ngati therere. Pansi penipeni ndinapeza kachitsekero ka labala. Nditakatokosa, madzi otsala onse anakhuthukira pansi pa galimoto, n'kuyenderera mpaka pamapazi anga. Ndinali nditavala patapata.

Titatsuka ndi sopo ndi madzi otentha, funso linatsala: madziwo ankalowera pati? Labala wa m'mphepete mwa chitseko ankaoneka wabwinobwino. Mayi a kunyumba ndiwo anaganiza njira.

"Lowani m'katimo ndikutsekereni. Ine ndizithira madzi kunja kuno, inu muziona pamene pakudontha."

"Ndilowe muno?"

"Nanga ndilowe ine? Galimoto ndi yanu."

Ndinadzipinda m'butimo, tochi ya foni ili m'manja, iwo n'kutseka. Munali motentha, ndipo sopo uja sanaphule kanthu. Fungo linali litalowerera m'zitsulo momwe. Ndinkapumira m'kamwa, koma ndinkalimva ngakhale pa lilime. Anayamba kuthira pagalasi lakumbuyo, osaoneka kanthu. Anathira mbali yakumanja, ayi ndithu. Atafika pa nyali yakumanzere ndinamva kuzizira patsaya. Madzi ankatsika m'mbali mwa mawaya, akutenga litsiro lakale lija, n'kudonthera pankhope panga. Dontho lina linatsetserekera pakona pa mlomo.

Ndinamenya chitseko. "Tsegulani! Ndapapeza!"

"Mwati ndithirenso?" anakuwa iwo, n'kukhuthula ndowa yonse.

Atanditsegulira ndinatuluka chokwawa, ndikulavula. Ndinatsuka m'kamwa ndi madzi amchere, koma nseru sinachoke tsiku lonse.

Mawa lake ndinamasula nyali ija. Kuseri kwake kunali kasiponji kotchinga madzi, katafumbutuka ngati mkate wakale. Ngalande ya m'mphepete mwa buti inali itatsekeka ndi masamba owola a mapeyala, ndiye mvula yonse inkasefukira pa nyali pomwepo. Ndinakokolola masambawo, ndinadula chubu chakale cha njinga yamoto potsatira maonekedwe a siponji ija, ndinapaka silikoni wogula kusitolo ya zitsulo, n'kumanganso. Dzimbiri la pansi ndinalipala n'kupakapo penti. Mvula ya sabata imeneyo inagwa yamphamvu, koma nditapisa dzanja m'malo a sipeya munali mouma gwa. Galimoto ndinasiya kuiimika pansi pa mtengo uja.

Kapeti ndiyo inakanika. Ndinaichapa, ndinaithira phulusa, ndinaiyanika padenga, koma dzuwa likangoiwomba ntchentche zinkasonkhana. Pomaliza ndinaikwirira kudzala. Galu wa aneba anaifukula, anagubudukapo mokondwa, n'kuikokera pakhonde pathu pamene mayi a kunyumba ankapeta mpunga. Ndinaitenga ndi mtengo, ndinaithira palafini, n'kuiyatsa kuseri kwa bafa. Inanyeka pang'onopang'ono, utsi wake wakuda ukulowera kwa aneba, ndipo ndinamva mawindo awo akutsekedwa limodzi ndi limodzi.