Buledi wa a Yanushi

Ndikukumbukira bwino lomwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene tinafika ku Edmonton, bambo atathawa ndale kumudzi. Nyumba zinayi zinatikana titangoonekera pakhomo. Yachisanu inali ya a Yanushi, mkulu wa ku Poland wa zikhatho ngati makasu. Anatipatsa chipinda cham'mwamba.

Tisanamasule n'komwe katundu, anagogoda. Ananyamula buledi wakuda, wotentha, pa nsalu yoyera, ndi kambale ka mchere pamwamba pake. Mayi analandira ndi manja awiri, koma chitseko chitatsekedwa nkhope inasintha.

"Mchere wa munthu wosam'dziwa? Mukufuna ana atupe ndi tsempho? Iwe, kataye."

"Ndife Akhristu ife," anatero bambo, koma motsitsa mawu.

Ndinakaponya zonse m'bini kuseri. Potembenuka, a Yanushi ali chilili. Akatithamangitsa, tikagogodanso kuti?

Sanakalipe. Anatola buledi uja, kumupukuta, n'kumupsompsona. Kenaka anandigwira dzanja mpaka kukhitchini kumene anzathu atatu ochita lendi m'nyumbamo ankamwa tiyi. Anakweza bulediyo m'mwamba.

"Ichi n'chiyani?"

"Khlib!" anatero bambo wa ku Ukraine.

"Hleb," anayankha mayi wa ku Serbia.

"Chléb, nanga chingakhalenso chiyani?" anatero wa ku Czech, akuseka.

"Kwathu ndi chleb," anamaliza a Yanushi.

Ndinangoti kukamwa yasa! Anthu a maiko anayi osiyana, liwu limodzi! Ndinawauza abwereze, anabwereza. Ndinayesa kutchula, linandikanirira pakhosi, onse anafa nacho chiseko.

A Yanushi anafotokoza m'Chingerezi chothyokathyoka ngati changa. Makolo awo onse anali mtundu umodzi asanamwazikane. Liwulo analibwereka kalekale kwa mitundu ya Chijeremani yoyandikana nayo, ndipo liwu la Angerezi la lofu ndi msuweni wake. Kwawo munthu wopita kutali kukafuna ntchito amati watsata chleb. A Yanushi eniake pa nkhondo anakhala m'ndende, akulandira kachidutswa kamodzi ka buledi patsiku. Tsono mlendo akapatsidwa buledi ndi mchere, ndiye kuti ulendo wake watha, wafika kwawo.

Ndinakwera masitepe awiriawiri, mpweya uli m'mwamba.

"Amayi! Si mankhwala ayi! Akutilonjera!"

Mayi anamvetsera zonse. Anamanga chitenje, natsika. Anagwada pa simenti yozizira ya m'khitchini muja, napempha mchere wina. Ananyema buledi, kususa, n'kuyang'ana bambo.

"Ngati n'kutupa, ndiyambe ine."

Anatafuna, nameza. Azungu anayi aja anaomba m'manja. Palibe anatupa. Tinakhala m'nyumba imeneyo zaka zisanu ndi zinayi.

Sukulu yanga inathera ku pulayimale, ndipo sindichita nazo manyazi. Lero ndikalowa m'sitolo ya anthu a ku Poland kuno ku Croydon kumene ndinasamukira, ndimaitanitsa buledi m'chinenero chawo, atsikana ogulitsa n'kudzidzimuka. Zidzukulu zanga zimati agogo akudzionetsera. Zisiyeni zinene.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti mayi sanali opusa. Ankateteza ana awo monga anaphunzitsidwira. Koma mantha awo anatsala pang'ono kutilanda nyumba yokhayo imene inatitsekulira. Chinthu chikabwera ndi manja awiri, yamba wafunsa dzina lake ndi kumene lichokera. Kutaya sikuchedwa.