Chilombo Chopanda Kutsogolo

Ine bodza ndimalikonda, koma likhale lokonzedwa bwino. Khalidwe limeneli ndi limene linatsala pang'ono kupweteketsa achimwene anga.

Ndili Fomu 2 ndinapita kutchuthi kwa azakhali ku Nathenje, ndipo kumeneko ndinazolowera kulowa m'tinyumba toonetsera mafilimu kuseri kwa msika. Anyamata ankakonda mafilimu a zamoyo zochokera kumaiko a kuthambo. Ine ndinkatuluka nditakwiya. Chinthu chachokera kutali kuposa dzuwa, koma miyendo iwiri, manja awiri, mutu pamwamba, maso kutsogolo? Ameneyo ndi munthu wodzola penti basi. Ndinkatsutsa mokweza mpaka anzanga ankandiuza kuti ndizikatsutsira panja.

Titatsegulira sukulu kwathu ku Mitundu, aphunzitsi a sayansi anati aliyense apange chinthu ndi manja chodzaonetsa pa tsiku la makolo. Ine ndinadzitama pamaso pa kalasi yonse kuti ndipanga chamoyo cha kudziko lina, chosafanana ndi chilichonse choyenda pansi pano.

Kudzitama n'kosavuta. Ndikajambula padothi chinkatuluka mbuzi. Ndikachotsa nyanga, galu. Ndikawonjezera miyendo, kangaude. Kenako ndinasiya chamoyocho n'kuyamba kuganiza za kwawo. Ndinati kukhale kopanda kuwala, kwa mphepo yosaleka yochokera mbali zonse. Kumdima maso ngachiyani? Ndinachotsa maso. Ndinachotsa mutu. Ndinachotsanso kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Chinatsala chozungulira, cha miyendo isanu yosalingana, pakamwa pake pali kuphazi kulikonse kuti chizidya pomwe chaponda. Pathupi ndinaikapo timabowo toti mphepo ikalowamo chizilira, anzake azichimva.

Fodya anali atapita kale ku okushoni, ndiye chigafa chathu chinali chopanda kanthu. Ndinkapangira m'menemo ndikaweruka. Ndinapinda nsungwi, ndinamangirira timabango ndi makosi a zikho, ndipo pofuna khungu ndinatola chimene chinali mbwee pakhomo nthawi yokolola: makoko a chimanga. Ndinawaluka bwinobwino mpaka chinthucho chinatalika kundifika m'khosi. Sindinaganizeko n'komwe kuti kwathu kuno nsungwi zovekedwa makoko zili ndi eni ake.

Amayi ena oyandikana nafe analowa m'chigafamo masana ena akuthamangitsa nkhuku yawo. Anakuwa, natuluka atadziphimba kumaso ndi chitenje. Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva kuti pakhomo pathu pali chilombo cha gule, ndipo wochiluka ndi mtsikana.

Amayi anga ndi a mpingo, koma mlongo wawo, atsibweni athu, anali mmodzi wa akuluakulu a kudambwe, kumalo kobisika kuja kumene zilombo zimatulukira, kosafika mkazi. Chaka chapitacho iwo ndi amene anatenga achimwene kukawalowetsa gule. Ndiye anthu sanavutike kuwerengera. Mtsikana angadziwe bwanji zimenezi ngati mlongo wake sanaulule za kudambwe?

Chimene amamuchita munthu woulula palibe ankachitchula, ndipo kusatchulako ndiko kunkandiumitsa m'kamwa. Uthenga unabwera woti akuluakulu afika mawa lake kudzaona, ndipo akapeza kuti n'zoona, achimwene apita nawo. Achimwene anga, munthu woseka ndi aliyense, anangokhala pakhonde ngati adwala malungo. Ndinawakalipira kuti bwanji osangowauza kuti chinthu changa sichifanana ndi zawozo.

"Pakamwa panga mpotseka," anatero osandiyang'ana. "Ndikangoti sichifanana, ndiye kuti ndayamba kale kukufotokozera."

Ndinafuna kuchiphwasula, koma amayi anandigwira dzanja. Anati kuphwasula ndiko kuvomera mlandu. Kenako ananditengera kuseri kwa nkhokwe n'kundilangiza monong'ona kuti ndikanene kuti ndinachiona mufilimu ku Nathenje. Anandichenjeza kuti ndisayerekeze kunena kuti chachokera m'mutu mwanga. Masiku amenewo kunali mphekesera za ana ophunzitsidwa ufiti, ndipo mwana woona zimene ena sanazionepo ankalozedwa chala mpaka kumjigo. Ndinavomera.

Anafika m'mawa kukuwomba mphepo yozizira ya mu Julaye. Atsibweni anali patsogolo, pambuyo pawo amuna angapo ndi anyamata amsinkhu wa achimwene. Akazi onse anathawira kutali, amayi anaima pakhomo la khitchini. Ine anandiuza kuti ndigwade pakhomo la chigafa, achimwene anawaimika pakati pawo.

Atsibweni atandifunsa, ndinanena zimene amayi anandiuza. Mnyamata wina anaseka. Iyeyo ankapalasa kabaza mpaka ku Nathenje, ndipo anati mafilimu onse a kumeneko anawaonera, chotere mulibemo. Amuna aja anatembenukira kwa achimwene. Wina anawagwira pamkono, osati mwankhanza, koma mmene amagwirira mbuzi yoti yagulidwa kale. Achimwene anandiyang'ana kamodzi kokha. Sindinawaonepo ndi mantha otero.

Ndinaiwala kugwada. Ndinaiwalanso malangizo a amayi. Ndinauza atsibweni kuti ndanama, chinthucho palibe anandionetsa, ndipo ngati akuti n'chawo andilozere kumene kuli nkhope yake.

Mwana wamkazi salankhula choncho kwa atsibweni ake, koma iwo sanandikalipire. Analowa m'chigafa n'kuyamba kuchizungulira. Anawerama, anasuzumira pansi, anazunguliranso. Ine pakamwa panali patatseguka kale, ndiye ndinangopitiriza. Ndinafotokoza za dziko lopanda dzuwa, za kudyera kuphazi, za kusowa kwa maso. Ndinawauzanso zimene ndinali ndisanauze aliyense, kuti chikakalamba sichifa, chimangogawanika, mwendo uliwonse n'kupita kwaokha kukamera thupi lina. Mawu anga ankangotuluka okhaokha.

Ndili pakati pofotokoza, mphepo inadutsa m'chigafamo. Timabango ndi zikho zija zinalira pamodzi, kulira kosafanana ndi mbalame kapena mluzu, ndipo makoko onse anatukumuka. Amuna akuluakulu, anthu osaopa kumanda, anabwerera m'mbuyo. Ine amene ndinamanga timabangoto ndi manja anga tsitsi linandiimirira.

Atsibweni anatuluka akupukuta manja m'thalauza ngakhale sanachikhudze.

"Ichi si chathu. Musiyeni mnyamatayo, alibe mlandu."

Dzanja lija linachoka pamkono pa achimwene. Ndinafuna kulira ndi chimwemwe, koma atsibweni anali atandiyang'anitsitsa, ndipo anafunsa motsitsa mawu, mwaulemu umene sanandipatsepo chibadwire.

"Nanga inu, mayi, munachiona kuti?"

Ndinati m'mutu mwangamu. Pakhomo la khitchini amayi anakhala pansi mwadzidzidzi.

Palibe anafuna kuchikhudza, ngakhale kuchiwotcha. Anandilamula kuti ndichimasule ndekha, khoko limodzilimodzi, iwo akuonerera chapatali. Kusukulu sindinapititse kanthu. Kumjigo atsikana anayamba kundipatsa mpata wotunga msanga, ndipo amayi ena ankaitana ana awo ndikamadutsa. Zinatenga nthawi yaitali kuti zizizire.

Zonsezo ndikanazipirira mosavuta, chifukwa achimwene anali pakhomo, athunthu. Madzulo a tsiku lomwelo ndinawapeza akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinakhala pambali pawo monga mwa masiku onse, kudikira kuti andithokoze kapena andinyoze monga ankachitira. Iwo anasuntha pang'ono kuti pakati pathu pakhale mpata. Anapukusa tayala kwa kanthawi, kenako anandifunsa maso ali pa sipoko.

"Kodi m'mutu mwakomo zatsalamo zingati?"

Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke.